Munda Ukasanduka Sitolo: Mkangano wa Dollar General m'Midzi ya ku America

M'midzi yambiri ya ku United States nkhani imayamba ndi kachikwangwani kozikidwa m'mphepete mwa msewu, pakona pa munda wa chimanga kapena pa busa la ng'ombe. Pamalembedwa kuti mwini malo wapempha boma kuti malowo asiye kuwerengedwa ngati a ulimi, akhale a malonda, ndipo tsiku lakutilakuti anthu abwere ku msonkhano adzanene zakukhosi. Dzina la sitolo kawirikawiri silioneka pachikwangwanipo, koma mbiri sigonera. Pakamatha mlungu aliyense amakhala atamva kuti kukubwera Dollar General, ndipo anthu amene akhala moyandikana zaka makumi osayambanapo amapezeka ataima mbali ziwiri.

Kuti timvetse chimene akukanganirana tiyenera kudziwa kaye zinthu ziwiri: sitolo imeneyi ndi yotani, komanso lamulo la malo limene ku America amalitcha zoning limayenda bwanji.

Dollar General inachokera ku bizinesi imene J.L. Turner ndi mwana wake Cal Turner anayambitsa mu 1939 ku Kentucky, chimodzi mwa zigawo za United States. Sitolo yoyamba yokhala ndi dzinali inatsegulidwa mu 1955 m'tauni ya Springfield, m'chigawo chomwecho, ndipo lonjezo lake linali lakuti palibe chinthu chodula kuposa dola imodzi. Lonjezolo linatha kalekale, koma dzina linatsala. Lero likulu la kampaniyi lili ku Goodlettsville, ku Tennessee, ndipo mu 2024 masitolo ake anapitirira 20,000, kuposa malo odyera a McDonald's mu United States monse. Eni ake amati pafupifupi masitolo 80 pa 100 alionse ali m'madera a anthu osapitirira 20,000. Apa m'pamene pagona nzeru yawo ya malonda. Walmart, kampani ya masitolo akuluakulu, imafuna tauni yaikulu ndi malo aakulu kuti ipeze phindu. Dollar General imamanga kanyumba ka masikweya mita 850 kapena 1,000 pa ekala imodzi kapena awiri, kulemba antchito asanu ndi mmodzi mpaka khumi, n'kumagulitsa sopo, matewera, zakudya zam'zitini, mkaka, buledi, fodya ndi zakumwa. Mudzi umene masitolo akuluakulu anauona kuchepa, iwo amauona ngati msika wopanda wopikisana naye. Palinso Dollar Tree ndi Family Dollar, zomwe zimachita malonda ofanana, koma kumidzi dzina limene limamveka kwambiri pa mikangano ya malo ndi la Dollar General.

Tsopano za zoning. Mzinda wa New York ndi umene unayamba, mu 1916, kugawa malo ake onse m'magulu: kuno nyumba zogona, uku malonda, uko ntchito zina. M'zaka za m'ma 1920 unduna wa zamalonda, pansi pa Herbert Hoover, unalemba lamulo lachitsanzo loti zigawo zitengereko popatsa makhonsolo mphamvu yochita zimenezi, ndipo zigawo zambiri zinalitengera. Eni malo ena sanakondwe. Kampani ya Ambler Realty inali ndi maekala 68 m'tauni ya Euclid, pafupi ndi Cleveland ku Ohio, ndipo inasumira khonsolo ponena kuti kuiletsa kumanga mafakitale pamalo ake n'chimodzimodzi kuilanda chuma. Mu 1926 Khothi Lalikulu la dzikolo linagamula mokomera khonsolo. Woweruza George Sutherland anafotokoza kuti chinthu chosokoneza anthu chikhoza kukhala chabwinobwino koma chili pamalo olakwika, monga nkhumba yolowa pabalaza m'malo mokhala m'khola. Kuchokera pamenepo zinakhazikika kuti kukhala ndi chikalata cha umwini sikukupatsa ufulu womanga chilichonse chimene wafuna.

Choncho m'madera amene amatsata lamuloli muli mapu, ndipo chigawo chilichonse cha nthaka chili ndi chizindikiro chake, monga A wa ulimi, R wa nyumba, C wa malonda. Pambali pa mapu pamakhala chikalata china chachikulu, pulani ya chitukuko ya dera lonse, chimene chimanena kumene anthu anagwirizana kuti malonda azikulira m'zaka zikubwerazo ndi kumene kuzikhalabe minda. Anthu ambiri sanachiwerengepo chikalata chimenechi, ngakhale ena mwa amene amafuula kwambiri pamsonkhano, koma mlandu ukafika kukhothi ndi chimene oweruza amayamba kutsegula.

Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti wopempha kusintha malo nthawi zambiri sakhala Dollar General. Pali makampani ena omanga amene ntchito yawo ndi kusaka malo, kumanga nyumbayo, n'kuibwereketsa kwa sitolo pa lendi ya zaka pafupifupi 15, kenako n'kuigulitsa kwa anthu oika ndalama m'nyumba amene mwina sadzafikako kumudziko moyo wawo wonse. Womangayo amapangana ndi mwini munda kuti adzagula pokhapokha boma likavomera kusintha malowo. Ndiye pamsonkhano amene amaimirira kuyankha mafunso ndi injiniya kapena loya wa womanga uja. Akafunsidwa za malipiro a antchito kapena ngati m'sitolomo mudzakhala ndiwo zamasamba, amayankha mwaulemu kuti zimenezo si zake, ndipo sakunama.

Pempho limadutsa pa makomo awiri. Choyamba limapita ku komiti ya mapulani, yomwe kawirikawiri mamembala ake ndi anthu wamba osankhidwa ndi khonsolo. Ogwira ntchito za mapulani amalemba lipoti, oyandikana ndi malowo amalandira makalata, chidziwitso chimatuluka m'nyuzipepala, ndipo pamsonkhano aliyense amapatsidwa mphindi zochepa zolankhula. Komitiyi imangolangiza. Mawu omaliza amakhala kwa atsogoleri osankhidwa pa voti, kaya makhansala a tauni kapena makomishonala a boma laling'ono lotchedwa county. N'zotheka komiti kukana koma makomishonala n'kuvomera, ndipo zikatero mkwiyo umakhala waukulu. M'zigawo zingapo muli chida china chochokera ku lamulo lachitsanzo lija: eni malo oyandikana amene ali ndi magawo 20 pa 100 a nthaka yozungulira akasaina chikalata chotsutsa, pempholo silingadutse ndi mavoti ongopambana theka, limafuna atatu mwa anayi alionse. Pa bungwe la anthu asanu zimenezi zikutanthauza kuti awiri okha akhoza kuimitsa ntchito yonse.

Amene amaifuna sitoloyo sakhala anthu opusitsidwa, ngakhale otsutsa amakonda kuwaona choncho. M'midzi yambiri ya ku America golosale yomaliza inatsekedwa zaka zapitazo, basi kulibe, ndipo kukagula mkaka kapena mankhwala a mutu kumafuna kuyendetsa galimoto mamailosi 15 kapena 20. Kwa nkhalamba imene maso ayamba kuchita chidima, kwa mayi wa ana aang'ono amene galimoto yake yafa, kwa banja lodalira thandizo la boma logulira chakudya lotchedwa SNAP, sitolo yapafupi si nkhani yamasewera. Amene ali ndi galimoto ziwiri pakhomo sachedwa kunena kuti malo akukongola momwe alili. Palinso mwini munda. Kawirikawiri ndi mlimi wokalamba amene ana ake anapita kumizinda, ndipo ekala imodzi ya m'mbali mwa msewu ikhoza kumubweretsera ndalama zimene chimanga cha pamenepo sichikanamupatsa ngakhale atalima zaka zambiri. Funso lake ndi lolasa: malo ndi anga, ndawalipirira msonkho moyo wanga wonse, inu ndinu ndani kuti mundiuze woti ndimugulitse? Kumidzi ya ku America, kumene ufulu wa mwini malo ndi nkhani yopatulika, funsoli limasowetsa mtendere ngakhale makomishonala amene mumtima sakuifuna sitoloyo. Ndiye pali msonkho. Munda umalipira msonkho wochepa chifukwa zigawo zimauwerengera monga mwa ulimi, pamene nyumba ya malonda imalipira wochuluka, kuphatikizapo msonkho wa pa zogulitsa kumene ulipo. Boma laling'ono limene likuvutika kukonza misewu ndi kulipira ozimitsa moto silinyalanyaza ndalama imeneyo.

Otsutsa nawo sali gulu limodzi. Pali oyandikana, amene nkhawa yawo ndi magetsi owala usiku wonse, malole otsitsa katundu m'bandakucha, zinyalala zouluka, madzi a mvula othamanga kuchokera pa phula la poimika galimoto kulowa m'minda yawo, ndi zitsime zawo, popeza kumidzi yambiri kulibe mapaipi a boma ndipo sitoloyo iyenera kukumba thanki yakeyake ya zonyansa. Pali odandaula za msewu: galimoto zikuthamanga mamailosi 55 pa ola, pakhota kapena pachitunda, kenako wina waima mwadzidzidzi kuti akhotere kusitolo. Ndipo pali amene akuganiza za golosale ya m'deralo, ngati ilipo.

Nkhani ya golosale ndi imene ili ndi umboni wolemera kwambiri, ndipo ndi yofunika kuimvetsa bwino. Golosale yaing'ono sipeza phindu lalikulu pa nyama, zipatso ndi masamba, chifukwa zimaola, zimafuna mafiriji ndi anthu ozisamala. Chimene chimaisunga ndi katundu wa pamashelefu apakati: sopo, zam'zitini, zam'mapaketi, zakumwa. Katundu ameneyu ndi yemweyo amene Dollar General imagulitsa, ndipo pogula ku mafakitale imagula za masitolo 20,000 nthawi imodzi, pa mtengo umene wagolosale mmodzi sangaulote. Sikuti makasitomala onse amathawa ayi. Kungochoka gawo laling'ono la malonda, phindu la golosale, lomwe ndi lochepa kale, limatheratu. Ikatsekedwa, mudzi umatsala ndi sitolo yokhala ndi mabisiketi ndi zam'zitini koma yopanda nyama yaiwisi kapena kabichi. Ofufuza a nthambi ya zachuma ya unduna wa zaulimi ku America anatulutsa zotsatira mu 2024 zosonyeza kuti sitolo zoterezi zikalowa m'dera, malonda ndi ntchito m'magolosale oima paokha zimatsika, mwayi woti atsekedwe umakwera, ndipo vutoli limakula kumidzi kuposa m'mizinda. Dollar General imayankha kuti siinadzitchepo golosale, ndiponso kuti pofika 2024 inali itaika zipatso ndi masamba m'masitolo oposa 5,000. N'zoona, koma 5,000 pa 20,000 ndi gawo limodzi mwa anayi, ndipo palibe lamulo la malo limene limakakamiza sitolo kusunga shelefu ya masamba ikaona kuti sakuyenda malonda.

Za kutchipa nazo zili ndi mbali ziwiri. Mapaketi ambiri m'masitolo amenewa ndi aang'ono, choncho ndalama yotuluka m'thumba lero ndi yochepa, koma ukawerengera pa kilogalamu kapena pa lita nthawi zina umapeza kuti walipira zambiri kuposa ukanagula chachikulu kwina. Otsutsa amati uku n'kudyera amphawi masuku pamutu. Koma munthu amene watsala ndi madola asanu mpaka tsiku la malipiro sangagule chachikulucho ngakhale atadziwa masamu onsewo. Pa za ntchito, mbiri ya kampaniyi si yoyera. Bungwe la boma loona za chitetezo cha antchito, OSHA, linaipeza kambirimbiri ndi milandu ya makomo othawira ngozi otsekedwa ndi makatoni komanso katundu wounjikidwa moopsa, ndipo mu July 2024 kampaniyo inavomera kulipira madola 12 miliyoni ndi kusintha kachitidwe kake.

Koma apa m'pamene anthu ambiri amaphonya. Zonsezi, malipiro, masamba, golosale ya mnansi, mbiri ya kampani, si zimene makomishonala akufunsidwa kuti agamule. Funso limene lili patebulo ndi la nthaka: kodi kachigawo aka kakhale ka ulimi kapena ka malonda? M'zigawo zambiri makhothi savomereza kuti zoning igwiritsidwe ntchito kungoteteza bizinesi ina ku mpikisano, kapena kukana kampani chifukwa anthu sakuikonda. Komishonala akaimirira n'kunena poyera kuti akuvota ayi chifukwa Dollar General idzapha golosale ya mnzake, wapatsa loya wa womanga chida chokamenyera kukhothi. Ndiye chifukwa chake magulu otsutsa amene alangizidwa bwino amasiya kulankhula za kampani n'kuyamba kulankhula chinenero cha mapulani: pempholi likusemphana ndi pulani ya chitukuko, msewu ulibe mpata wokwanira woonera galimoto yobwera, nthaka siingamwe madzi a m'thanki, malo ozungulira onse ndi minda. Mfundo yamphamvu kwambiri ndi imene amaitcha spot zoning, kutanthauza kutenga kachigawo kamodzi pakati pa minda n'kukapatsa lamulo losiyana ndi la malo onse ozungulira, popindulitsa mwini wake yekha. Makhothi ambiri amakayikira kusintha kotereku ngati sikukugwirizana ndi pulani. Zotsatira zake n'zakuti anthu amabwera ndi nkhawa ya chakudya ndi tsogolo la mudzi wawo, koma amathera usiku wonse akukangana za kukula kwa ngalande ndi kutalika kwa njira yokhotera. Ena amaona ngati chinyengo. Ine ndimaona kuti ndi mtengo wokhala ndi lamulo losayang'ana nkhope, pakuti khonsolo imene ingakane sitolo chifukwa chodana ndi mwini wake ikhozanso mawa kukana ya munthu wina aliyense pa chifukwa chomwecho.

Chinthu china chimene chimatsatira pamenepa n'cholemera kuposa sitoloyo. Chizindikiro cha malonda chimamatirira ku nthaka, osati kwa wobwereka nyumba. Lendi ya zaka 15 ikatha, kapena kampani ikaona kuti malonda sakuyenda, imanyamuka, koma malowo amakhalabe a malonda, ndipo chilichonse chimene lamulo limalola pa malo a gulu limenelo chikhoza kulowamo popanda msonkhano wina: malo ogulitsa mowa, malo omwetsera mafuta, kapena nyumba yongokhala yotseka udzu n'kumera. Izi si zongopeka. Dollar Tree inagula Family Dollar mu 2015 pa madola oposa 8 biliyoni, mu March 2024 inalengeza kuti itseka masitolo pafupifupi 1,000, ndipo mu 2025 inagulitsa Family Dollar pa madola pafupifupi biliyoni imodzi yokha. Komanso kachigawo kamodzi kakasintha, mwini munda wotsatira amabwera ndi pempho lake, n'kuloza kuti pambali pake pali kale malonda. Mfundo ya spot zoning imene inali yamphamvu poyamba imafooka pa pempho lachiwiri, ndipo pofika lachitatu siimvekanso. Misewu yambiri ya ku America yodzaza masitolo mbali zonse inayamba chonchi, ndi voti imodzi imene inaoneka yaing'ono.

Nthawi zambiri mkangano sutha ndi inde kapena ayi wangwiro. Kumene malamulo amalola, khonsolo imavomera koma ndi zofunika kutsata: khoma lakutsogolo likhale la njerwa osati malata, magetsi aziloza pansi, pabzalidwe mitengo pakati pa sitolo ndi nyumba za anthu, chikwangwani chikhale chachifupi, malole asabwere usiku, womanga alipire njira yokhotera. Makhonsolo ochenjera amalembanso mndandanda wa mabizinesi amene sadzaloledwa pamalopo ngakhale sitoloyo itachoka. Omanga amavomera zambiri mwa izi mosavuta, zomwe zikusonyeza kuti akanatha kuchita kuyambira pachiyambi akanafunsidwa.

Madera ena anatopa ndi kulimbana ndi pempho limodzilimodzi n'kusankha kusintha lamulo lenilenilo. Mu 2018 mzinda wa Tulsa ku Oklahoma, potsogozedwa ndi khansala Vanessa Hall-Harper, unaletsa kumanga sitolo yatsopano yamtunduwu pamtunda wosakwana mailo imodzi kuchokera pa ina m'madera a kumpoto kwa mzindawo. Birmingham ku Alabama inachita zofanana mu 2019. Bungwe la Institute for Local Self-Reliance, lomwe limatsutsa poyera masitolo amenewa, linawerenga mu 2023 madera oposa 70 amene anakana mapempho omanga masitolowa kuyambira 2019. Chiwerengerocho chimamveka chachikulu mpaka utachiika pambali pa masitolo mazanamazana amene Dollar General yokha yakhala ikutsegula chaka chilichonse. Ndipo lamulo la mtunda, lomwe linapangidwira mizinda kumene masitolo anathithikana, silithandiza kwenikweni mudzi umene ukukangana za sitolo yoyamba.

Komanso tisaiwale kuti msonkhano wonsewu umachitika pokhapokha ngati pali lamulo loti lisinthidwe. Ngati womanga wapeza malo amene ali kale m'gulu la malonda, safunika voti ya wina aliyense. Amangokatenga chilolezo chomangira. Womanga amene wakanidwa pano nthawi zina amangosuntha pang'ono, kudutsa malire a tauni, n'kukamanga m'dera la county kumene malamulo ndi ofewa, ndipo tauniyo imatsala ndi galimoto zodutsa koma msonkho ukupita kwina. Madera ambiri akumidzi alibe zoning n'komwe. Ku Texas, mwachitsanzo, ma county ambiri sanapatsidwe mphamvu imeneyi, ndipo m'zigawo zina anthu eni ake anaikana pa voti ponena kuti safuna boma liziwauza zochita pa malo awo. Kumeneko palibe chikwangwani cha msonkhano, palibe mphindi zolankhula, palibe chikalata chosaina. Oyandikana amadziwa za sitoloyo tsiku limene mathirakitala afika kudzasalaza munda, ndipo ena mwa amene amathamangira ku ofesi ya county kukadandaula ndi omwe aja anakana zoning zaka zingapo m'mbuyomo.